Pulogalamu ya PySide6 ikugwa ndikatseka windo, QThread yowerenga sikelo sikuima

Namzeze

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi pulogalamu ya Python 3.11 ndi PySide6 (laibulale ya Qt yopangira mawindo mu Python) pa Windows 10. Imawerenga kulemera kwa matumba kuchokera pa sikelo yolumikizidwa ku port ya COM3, n'kuonetsa pa windo, n'kusunga mu database ya SQLite. Kuwerengako ndinakusamutsira ndi `moveToThread` mu QThread, thread yachiwiri yoyendetsa ntchito pambali pa windo, kuti windo isamaume. Ntchito yeniyeni ikuyenda bwino, vuto lili potseka.

```python
class Wowerenga(QObject):
    kulemera = Signal(float)

    @Slot()
    def yamba(self):
        self.port = serial.Serial("COM3", 9600)
        self.ikuyenda = True
        while self.ikuyenda:
            self.sanja(self.port.readline())

    @Slot()
    def ima(self):
        self.ikuyenda = False

# mu windo
self.thread.started.connect(self.wowerenga.yamba)
self.imitsa.connect(self.wowerenga.ima)

def closeEvent(self, event):
    self.imitsa.emit()
    self.thread.quit()
    event.accept()
```

Ndikadina X windo imachoka, koma pa terminal pamabwera "QThread: Destroyed while thread is still running" ndipo exit code imakhala -1073740791. Ndikawonjezera `self.thread.wait()` pambuyo pa `quit()`, windo imauma mpaka Windows kulemba "Not Responding". Ikauma choncho, kutsegula pulogalamuyo kachiwiri kumakana ndi "Access is denied" pa COM3, mpaka nditapha python.exe mu Task Manager. Kodi ntchito ya `quit()` si kuimitsa thread? Nanga `ima()` bwanji sakufikako? Ndinaikamo print, palibe chikutuluka.

Chiphaniphani

A Namzeze, `quit()` saimitsa khodi yomwe ikuyenda. Amangouza event loop ya thread ija, gawo lomwe limatola mauthenga obwera ku thread n'kuwagwirira ntchito, kuti ikapeza mpata ituluke. Uthenga wa `imitsa` nawonso umadutsa njira yomweyo: popeza Wowerenga munamusamutsa ndi `moveToThread`, signal yochokera ku windo imaikidwa pamzere, kudikira kuti event loop ya thread yachiwiriyo iitole. Tsono `yamba()` sabwerera, ali mu `while` mpaka kalekale. Ndipo chifukwa munamulumikiza ku `started`, amaitanidwa event loop ija isanayambe n'komwe. Uthenga wanu uli pamzere woti palibe woutola. N'chifukwa chake print sakutuluka.

Zotsatira ziwiri mwazionazo zikuchokera pomwepo. Popanda `wait()`, Python imagwetsa chinthu cha QThread thread ikadali moyo, ndipo Qt imasankha kugwetsa pulogalamu yonse m'malo mopitiriza ndi memory yosokonekera. Nambala ya -1073740791 ndi 0xC0000409, chizindikiro cha kugwa kotero pa Windows. Pa Linux mukanaona "Aborted". Mukaika `wait()`, windo ikudikira thread yomwe sinamve kuti iime.

Pali zokonza ziwiri, ndipo chimodzi pachokha sichikwanira.

Choyamba, pempho loimitsa lisadutse pa signal. Gwiritsani ntchito `threading.Event`, ndipo muitane ntchito yoimitsayo mwachindunji kuchokera ku windo. Event anapangidwira zomwezo, kukhudzidwa ndi ma thread awiri. Mukafuna za Qt zokhazokha pali `requestInterruption()` ndi `QThread.currentThread().isInterruptionRequested()`, zomwe zilipo kuyambira Qt 5.2. Ine ndimakonda Event chifukwa ali ndi `wait(masekondi)`, yemwe amalowa m'malo mwa `time.sleep`.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pomwe ambiri amaphonya: `serial.Serial("COM3", 9600)` wopanda timeout amadikira osalekeza. Sikelo ikakhala chete, kapena yazimitsidwa, `readline()` sabwerera, ndiye ngakhale chizindikiro chanu chisinthe, `while` safika pochiyang'ana. Paliponse pomwe thread imadikira chinthu chakunja payenera kukhala malire a nthawi.

```python
class Wowerenga(QObject):
    kulemera = Signal(float)
    vuto = Signal(str)

    def __init__(self):
        super().__init__()
        self._ima = threading.Event()

    def pempha_kuima(self):
        self._ima.set()

    @Slot()
    def yamba(self):
        port = None
        try:
            port = serial.Serial("COM3", 9600, timeout=0.5)
            zotsala = b""
            while not self._ima.is_set():
                zotsala += port.read(port.in_waiting or 1)
                while b"\n" in zotsala:
                    mzere, zotsala = zotsala.split(b"\n", 1)
                    self.sanja(mzere)
        except serial.SerialException as e:
            self.vuto.emit(str(e))
        finally:
            if port is not None:
                port.close()
```

Onani kuti `readline()` ndamuchotsa dala. Mukamupatsa timeout, nthawi ikatha amabweza zomwe wapeza, ngakhale mzere uli theka. Sikelo ikutumiza "50.25" iye n'kubweza "5", inu n'kusunga thumba la makilogalamu 5. Cholakwika chotere sichigwetsa pulogalamu, chimangolowa mu database mwakachetechete, ndipo n'choipa kuposa kugwa kumene mukudandaulako. Ndiye sonkhanitsani ma byte nokha, muzidula pokhapokha mwaona `\n`. Masikelo ena amamaliza mzere ndi `\r` yekha, onani buku la yanuyo.

Ndi timeout ya 0.5, thread imamva pempho pasanathe theka la sekondi. Musatsitse mpaka 0, chifukwa pamenepo `read` sadikira konse ndipo loop imazungulira pachabe n'kudya purosesa.

Potseka:

```python
def closeEvent(self, event):
    self.wowerenga.pempha_kuima()
    self.th.quit()
    self.th.wait(3000)
    event.accept()
```

`quit()` akufunikabe, pakuti `yamba()` akabwerera thread imalowa mu event loop, ndipo popanda iye ikhala m'menemo. Dzina la `self.thread` lisintheninso. QObject aliyense ali kale ndi `thread()`, ndipo mukalemba pamwamba pake mudzasokonezeka tsiku lomwe mudzafune kudziwa kuti chinthu chili mu thread iti.

Mkungudza

Zomwe afotokoza a Chiphaniphani za Event ndi timeout ndi zoona. Pomwe ndikusiyana nawo pang'ono ndi pa `closeEvent`. `wait(3000)` amabweza True kapena False, ndipo khodi ija sikuyang'ana yankho. Akabweza False, thread ikadali moyo, mwavomera kutseka, ndipo mwabwerera ku "Destroyed while thread is still running". Kwa sikelo yokha mwina sizichitika kawirikawiri, koma mukadzawonjezera ntchito ina potseka zidzayamba.

China n'choti nthawi yonse yomwe muli mu `wait()`, thread ya windo sikutola uthenga uliwonse. Windows imalemba "Not Responding" windo ikakhala chete masekondi pafupifupi 5. Koma choopsa kwambiri ndi kudikirana. Anthu ambiri amalemba `wowerenga.yatha.connect(th.quit)` poganiza kuti `quit` ayenda mu thread yachiwiri. Ayi. Chinthu cha QThread chimakhala mu thread yomwe inachipanga, yomwe ndi ya windo, ndiye uthengawo umapita pamzere wa windo. Windo ikudikira thread ithe, thread ikudikira windo iitanire `quit`, onse aima. N'chimodzimodzi ndi signal iliyonse yolumikizidwa ndi `BlockingQueuedConnection`. Ngati mukufuna kulumikiza kotero, ikani `Qt.DirectConnection` pa `quit`, n'zololedwa kumuitana kuchokera ku thread iliyonse.

Njira yomwe ndimaikhulupirira ndi yokana kutseka koyamba, kupempha thread iime, kenako kutseka ikanena yokha kuti yatha.

```python
# pokonza windo
self._ikutseka = False
self.th.finished.connect(self._thread_yatha)

def _thread_yatha(self):
    if self._ikutseka:
        self.close()

def closeEvent(self, event):
    if self.th.isRunning():
        if not self._ikutseka:
            self._ikutseka = True
            self.centralWidget().setEnabled(False)
            self.statusBar().showMessage("Dikirani, tikutseka...")
            self.wowerenga.pempha_kuima()
            self.th.quit()
            QTimer.singleShot(10000, self._yakana_kuima)
        event.ignore()
        return
    self.th.wait()
    event.accept()
```

`finished` mulumikize poyambirira pomwe, osati mkati mwa `closeEvent`. Mukachedwa, thread itha kutha pakati pa `isRunning()` ndi `connect`, signal n'kudutsa musanaitchere, windo osatsekanso. `_ikutseka` akuteteza munthu wodina X kawiri. Kuzimitsa mabatani kukuteteza kuti wina asayambitse ntchito yatsopano pamene yakale ikutsekedwa. `wait()` wa kumapetoyo satenga nthawi, amangotsimikiza kuti thread yamalizadi kudziyeretsa, chifukwa `finished` amatuluka itatsala pang'ono kumaliza. Mu `_yakana_kuima` funsani wogwiritsa ntchito ngati adikirebe kapena atuluke mokakamiza.

Zitsanzo zambiri pa intaneti zili ndi `th.finished.connect(th.deleteLater)`. Kwa thread yokhala moyo nthawi yonse ya windo, musaike zimenezo. Chinthu cha C++ chimafafanizidwa, dzina la Python n'kutsala, ndipo `self.th.isRunning()` amaponya "Internal C++ object already deleted" mkati mwenimweni mwa `closeEvent`.

Komanso X si khomo lokhalo lotulukira. `QApplication.exit()` sadutsa mu `closeEvent`. Mu Qt 5 `quit()` wa application nayenso sankadutsamo, mu Qt 6 amayamba wayesa kutseka mawindo. Ndiye ikani mlonda wachiwiri pa `app.aboutToQuit`. Pamenepo palibenso zokana kutseka, ndiye njira ya a Chiphaniphani ya `pempha_kuima()`, `quit()`, `wait(3000)` ndi yoyenera ndithu. Ilembeni moti kuitanidwa kawiri kusavute. Musadalire khodi yolembedwa pansi pa `app.exec()`: munthu akamazimitsa kompyuta ya Windows, pulogalamu itha kuphedwa isanafike pamzere umenewo.

Namzeze

Zikomo nonse. Ndaika Event, timeout ndi `closeEvent` ya a Mkungudza, ndipo COM3 ikumasuka bwinobwino. Zatsala ziwiri. Ndikatseka database mu `closeEvent` pakubwera "SQLite objects created in a thread can only be used in that same thread". Kenako pali thread ina, ya `threading.Thread` wamba, yomwe imatumiza zolembedwa ku seva ndi `requests.post`, n'kugona `time.sleep(60)`. Windo ikatseka python.exe amatsalabe mu Task Manager chifukwa cha iyo. Ndingoika `daemon=True`? Nanga mu `_yakana_kuima` ndingaitane `self.th.terminate()`?

Gologolo

Achimwene, ndiyambe ndi `terminate()`. Musamugwiritse ntchito mu Python. Amadula thread paliponse pomwe yafika, `finally` sayenda, port sitsekedwa, loko aliyense yemwe inagwira samasulidwa. Mu Python mulinso loko wamkulu, GIL, yemwe thread iliyonse imagwira ikamayendetsa khodi ya Python. Mukaidula itamugwira, ma thread ena onse, ndi ya windo yomwe, amaima kudikira loko wopanda womasula. Mumafuna kuthetsa thread imodzi yokanika, mwaumitsa pulogalamu yonse. Ngati zafika poti munthu wasankha kutuluka mokakamiza, lembani mu log kuti thread yakana kuima, kenako `os._exit(1)`. Ndi nkhanza, koma process yonse imafa kamodzi ndipo Windows imabweza port ndi mafayilo.

Za SQLite, lamulo n'lakuti wotsegula ndiye wotseka. Itanani `sqlite3.connect` mkati mwa `yamba()`, osati mu `__init__`, chifukwa `__init__` amayenda mu thread ya windo musanafike pa `moveToThread`. Mutseke mu `finally` yemwe uja wa port. Thread yotumiza ikhale ndi connection yakeyake, windo ikafuna kuwerenga ikhalenso ndi yake. Mudzaona malangizo oti muike `check_same_thread=False`. Amenewo amangochotsa chenjezo, ntchito yoonetsetsa kuti awiri sakulemba pa connection imodzi nthawi imodzi n'kukhala yanu. Ndi ma connection angapo ikani `PRAGMA journal_mode=WAL` kuti wowerenga asatsekereze wolemba. Ngati awiri akufuna kulemba, wachiwiri amadikira masekondi 5 asanaponye "database is locked", pokhapokha mutasintha `timeout` ya `connect`. Masekondi amenewo muwawerengere pa nthawi yomwe thread ingatenge kuti iime. QTimer nayenso lamulo lake ndi lomwelo. Mukamuimitsa kuchokera ku thread ina mudzaona "Timers cannot be stopped from another thread".

Ndipo chitani `commit()` pa thumba lililonse, osati potseka. Magetsi akathima palibe `closeEvent` kapena `aboutToQuit` yemwe amayenda. SQLite imadziteteza kuti fayilo isawonongeke, koma zomwe simunachite commit zimapita. Kutseka bwino n'kofunika, komabe zolemba za tsiku lonse zisadalire kumeneko.

Tsopano thread yotumiza. Python ikamatuluka imadikira thread iliyonse yomwe si daemon, n'chifukwa chake python.exe akutsala. Yanuyo ili ndi malo awiri odikira, ndipo onse ngokonzeka.

```python
def tumiza(ima):
    db = sqlite3.connect(FAYILO)
    try:
        while not ima.is_set():
            for mzere in zosatumizidwa(db, 20):
                if ima.is_set():
                    break
                try:
                    r = requests.post(URL, json=mzere, timeout=(3, 10))
                    r.raise_for_status()
                except requests.RequestException:
                    break
                lemba_kuti_yapita(db, mzere["id"])
            ima.wait(60)
    finally:
        db.close()
```

`ima.wait(60)` amagona masekondi 60 ngati `sleep`, koma amadzuka nthawi yomweyo wina akaitana `set()`. `requests` alibe timeout pokhapokha mutaika nokha, ndiye netiweki ikadukira pakati amatha kudikira mpaka kalekale. Nambala yoyamba ndi yolumikizana, yachiwiri ndi yodikira yankho. Dziwani kuti yachiwiriyo si nthawi ya ntchito yonse, ndi nthawi yomwe seva ingakhale chete pakati pa ma byte. Seva yotumiza modontheza itha kukusungani kupitirira masekondi 10. Kufunsa DNS nakonso sikulowa mu timeout imeneyi.

Pa chifukwa chimenecho `daemon=True` ali ndi malo ake, koma ngati chotchinga chomaliza. Pemphani iime, dikirani ndi `t.join(5)`, ndipo ikakanika Python ituluke osaidikira. Daemon yekha popanda pempho ndi woipa: thread imadulidwa pamene Python ikutseka, `finally` osayenda, ndipo ngati imatumiza signal ku zinthu za Qt zomwe zafafanizidwa kale, pulogalamu imagwa potuluka mwa apo ndi apo, mtundu wa vuto lovuta kulisaka. Ndiye thread ya daemon isakhudze Qt pempho loima likangoperekedwa.

Pali kampata kamodzi koti mukaganizire. Seva yalandira mzere, thread n'kudulidwa isanalembe kuti wapita. Mawa lake mzere womwewo utumizidwanso, thumba limodzi n'kuwerengedwa kawiri. Mzere uliwonse ukhale ndi id yakeyake ya `uuid4` yopangidwa posunga, ndipo seva ikane kulemba id yomwe ili nayo kale.

Dongosolo loimitsa likhale lotere: perekani pempho kwa onse nthawi imodzi, kenako muzidikira mmodzimmodzi. Mukapempha mmodzi n'kumudikira musanapemphe wina, nthawi zawo zimaphatikizana. Kupatula pomwe wina amadyetsa mnzake kudzera mu `queue.Queue`. Apo imitsani wopanga kaye, ikani `None` kumapeto kwa mzere, wolandira amalize zotsala, akapeza `None` atuluke.

Mukadzagwiritsa ntchito QThreadPool, `clear()` amachotsa ntchito zomwe sizinayambe ndipo `waitForDone(3000)` amadikira zomwe zili mkati, koma QRunnable aliyense ayenera kuyang'ana Event yekha. Pa ThreadPoolExecutor pali `shutdown(cancel_futures=True)` kuyambira Python 3.9, nayenso sadula ntchito yomwe yayamba kale. Ntchito yomwe singaduleke konse, monga kuitana laibulale ya C yomwe imatenga mphindi zingapo isanabwerere, isakhale mu thread. Iikeni mu process ina ndi QProcess kapena multiprocessing, popeza process mungaiphe osawononga pulogalamu yaikulu. Pa Windows `QProcess.terminate()` amangotumiza WM_CLOSE, uthenga wopempha windo itseke, womwe mapulogalamu a console saumva, ndiye pambuyo pa `waitForFinished(3000)` muzitsatiza `kill()`.

Chiphaniphani

Ndavomera za `wait(3000)`, a Mkungudza akhoza. A Namzeze, mukalumikiza thread yotumiza ija ku `closeEvent`, musaike `join(5)` mkati mwake, mubwereranso ku windo youma. Ikani QTimer wa mamilisekondi 100 woyang'ana `t.is_alive()` ndi `self.th.isRunning()`, onse akatha aitane `self.close()`. `join` akhale wa mu `aboutToQuit`.

Ikadzakanikanso kutseka musamaloze mwamwayi, funsani Python komwe thread iliyonse yaima. Pamzere woyamba wa kutseka ikani `faulthandler.dump_traceback_later(8, file=f)`, pomwe `f` ndi fayilo ya log yotsegula kale. Masekondi 8 akatha pulogalamu ikadali moyo, mupeza mzere weniweni womwe thread iliyonse yakodwa. Fayiloyo njofunika chifukwa pa pythonw.exe, ndi pa exe yopangidwa ndi PyInstaller yopanda console, `sys.stderr` amakhala None. Ngati yauma kale, `py-spy dump --pid` ndi nambala ya process ya mu Task Manager amaonetsa zomwezo kuchokera kunja.

Poyesa, musangodina X sikelo ikugwira ntchito bwino, pamenepo chilichonse chimatseka. Yesani sikelo itazimitsidwa. Yesani kutseka pasanathe sekondi mutatsegula. Dinani X katatu motsatizana. Dulani intaneti pakati pa kutumiza. Zulani chingwe cha USB pulogalamu ikuwerenga: `read` aponya SerialException, `yamba()` abwerera, koma thread ikhalabe mu event loop ndipo `isRunning()` anenabe True, ndiye slot yolandira `vuto` iitane `self.th.quit()` kapena iyambitsenso kuwerenga chingwe chikabwerera. Ngati sikelo muli nayo kutali, com0com pa Windows imapanga ma port awiri olumikizana, mbali ina muzitumizako mizere yoduka dala kuti muone ngati "5" uja akulowabe mu database.